Ndani Adzakolola? Mbiri ya Manja Osowa M'minda ya Kummawa

Foni ya mwezi wa Meyi tonse timaidziwa. Imalira m'mamawa tisanamwe n'komwe tiyi, ndipo mawu ake sasintha chaka ndi chaka: "Chimanga chauma, chiswe chayamba kukwera. Kodi mubwera liti?" Ena timayankha kuti tiona mwezi ukatha. Ena timatumiza ka K200 pa foni kuti amama apeze waganyu, n'kumva ngati udindo wathera pomwepo. Chaka cha 2025 ife tinasowa pozembera. Tsiku la Africa Freedom, pa 25 Meyi, linagwa pa Sondo, motero Mande inali holide. Masiku atatu athunthu, chowiringula panalibe.

Tinapita anthu asanu, tonse adzukulu a ambuya amodzi. Awiri ananyamuka pa Intercity ku Lusaka pa Chisanu, n'kuyenda makilomita pafupifupi 570 a Great East Road, atatufe tinali kale muno m'Chipata. Pa Chiweru mbandakucha tinali titafika m'munda, kumudzi kwathu cha kunjira ya ku Chadiza.

Chimanga tinachipeza chitadulidwa kale n'kuimikidwa m'mikukwe. Yathu inali kugwetsa mkukwe, kung'amba makoko ndi kamtengo kosongola, kuponya chimanga pamulu, kenako kuchituta m'matumba mpaka pangolo. Pansi pa mtengo wa mango, azakhali ndi ana anali kuthothola nshawa zimene zinakumbidwa mu Epulo. Pofika 10 koloko manja anali atatuluka matuza. Msuweni wathu wa ku Lusaka, amene anabwera ndi nsapato zoyera, anakhudza chitedze m'mphepete mwa munda, ndipo kuvina kumene anavina sitidzakuiwala.

Titakhala pansi kumwa thobwa, tinawerenga anthu amene akanakhala m'mundamo tikanapanda kubwera: ambuya, amene zaka zawo zapitirira 80, amama, azakhali, amalume amodzi odwaladwala, ndi ana atatu a kupulayimale. Mmodzi wa ife anadandaula kuti masiku ano anyamata onse anathawira m'tauni. Ambuya anaseka. "Masiku ano? Mwana wanga, munda uwu sunakhutepo amuna chibadwire ine."

Ambuya sananame. Kusowa kwa manja pa nthawi ya masika kuno Kummawa sikunayambe ndi ife a mafoni. Kuli ndi mbiri ya zaka zopitirira 120, ndipo ife amene timapita kukathandiza pa Chiweru ndi pa Sondo tangolowa m'mzere umene unayamba kalekale.

Pamene kukolola kunali kwa mudzi

Makolo athu ankadziwa kuti ntchito ya m'munda imabwera yonse pamodzi ndipo sidikira munthu. N'chifukwa chake kunali dima. Mayi ankafulula mowa kapena kuphika thobwa, n'kuitana anansi kuti adzamuthandize kulima, kupalira kapena kututa. Lero kwa uyu, mawa kwa uyo. Ndalama sinkatuluka, koma ngongole inalipo: amene sanaoneke pa dima la mnzake ankadzapeza munda wake uli zii.

Kwa Achewa kunalinso chikamwini. Mwamuna ankapita kukakhala kumudzi kwa mkazi, ndipo khasu lake ndi limene linkamulankhulira pamaso pa apongozi. Munda unkayenda m'mbumba, kutsata mzere wa amayi, amalume ali oyang'anira. Kwa Angoni a Mpezeni, amene anakhazikika m'dera lino cha m'ma 1870, chuma chinali ng'ombe, ndipo zakumunda zatsopano sizinkadyedwa Inkosi isanalawe pa Nc'wala. Miyamboyi ndi yosiyana, koma inkagwirizana pa chinthu chimodzi: zokolola sizinali nkhani ya khomo limodzi.

1898 ndi msonkho

Zinthu zinatembenuka mu Januwale 1898, pamene asilikali otsogoleredwa ndi Angerezi anagonjetsa Angoni. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anawomberedwa mwezi wotsatira. Ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo Nc'wala inaleka, osachitikanso poyera mpaka mu 1980. Kampani ya North Charterland Exploration inkati dera lalikulu masikweya mailosi 10,000 ndi lake, potengera mapepala amene Carl Wiese, Mjeremani wochita malonda, ankati anagwirizana ndi Mpezeni. Tauni imene lero timaitcha Chipata inamangidwa nthawi imeneyo ndi dzina la Fort Jameson, ndipo inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka mu 1911.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kunabwera msonkho wa nyumba, mashilingi 3 pachaka. Kumudzi ndalama kunalibe, ndipo ng'ombe zimene munthu akanagulitsa zinali zitapita. Chotsala chinali kugulitsa mphamvu. Amuna anayamba kuyenda wapansi kulowera kummwera, kuwoloka Zambezi, kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi a ku Southern Rhodesia. Ena anafika ku Salisbury, kumene makolo ankati ku Halale, ena ku Wankie, ena mpaka ku Johannesburg. Migodi ya Copperbelt itatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, komanso Lusaka itakhala likulu mu 1935, njira zotulukira m'mudzi zinangochuluka. Chinyanja chimene inu a ku Matero, ku Chawama ndi ku Kalingalinga mumalankhula lero chinafika kumeneko m'kamwa mwa anthu amenewa.

Ena ankabwerera patapita chaka kapena ziwiri, atanyamula bulangete, nsalu ya mkazi, mwinanso njinga. Ena anapitiratu, ndipo chilankhulo chinawapezera dzina: machona. Atate awo a ambuya anali mmodzi wa iwo. Ananyamuka ambuya akuyamwa, anatumiza kalata kawiri, basi. Munda unatsala m'manja mwa mayi, agogo ndi ana. Tikamaona lero azimayi okhaokha atazungulira mulu wa nshawa, tisamaganize kuti Mulungu anangolenga choncho. Panali msonkho umene unawasiya okha pamenepo.

Fodya wa Azungu, njala ya m'marizevu

Pamene amuna ankachoka, nawo malo ankachepa. Nthaka yabwino yozungulira Fort Jameson inagawidwa kwa Azungu olima fodya, ndipo anthu anakankhidwira m'malo opatulidwa otchedwa marizevu, amene anakhazikitsidwa mwalamulo mu 1928. Kale munda ukatopa unkasiyidwa kuti upume, banja n'kutsegula wina. M'marizevu kopita kunalibe. Nthaka inaguga, mitengo inatha, mitsinje inayamba kukokolola minda.

Chopweteka n'chakuti malo ambiri olandidwawo sanalimidwe n'komwe. Mtengo wa fodya utagwa cha m'ma 1928, Azungu ambiri anasiya mapulazi awo, ndipo ena amene ankayembekezeredwa sanabwere. Tsidya lina anthu ali thithithi pa nthaka yotopa, tsidya lina tchire lopanda munthu. Mu 1941 boma la atsamunda linagula gawo lalikulu la malo a North Charterland n'kuyamba kusamutsirako midzi. Midzi yambiri imene timaitcha "kwathu kwenikweni" inafika pamene ili lero m'zaka zimenezo. Kafunseni achikulire a kwanu kumene kuli manda akale a mudzi. Ambiri adzakulozerani kutali.

Mu 1948 boma linayambitsa kuno Kummawa ndondomeko yobwereketsa ng'ombe ndi mapulawo kwa alimi ochepa osankhidwa. Pulawo inakulitsa minda, ndipo nshawa za Chalimbana zinatchukitsa chigawo chino mpaka kumisika ya kunja. Koma pulawo imathandiza polima. Pokumba nshawa, pothothola ndi posenda, ng'ombe imangoyang'ana. Munda ukakula kawiri, ntchito ya masika imakulanso kawiri, ndipo manja ndi omwe aja.

Ufulu, NAMBOARD ndi "bwererani kumunda"

Ufulu utabwera mu 1964, chitupa ndi malamulo oletsa anthu kukhala m'tauni zinatha. Tsopano sanali amuna okha ochoka. Mabanja athunthu anakwera basi, ndipo ana amene anakhoza mayeso ku Chizongwe, ku St. Monica's ndi ku Chassa ankadziwa kuti sukulu ndi njira yotulukira. Palibe kholo limene linkalipira fizi kuti mwana adzabwerere kudzagwira khasu.

Boma la Kenneth Kaunda linafuna kuti matauni adye unga wotchipa, motero linakankha chimanga mwamphamvu. NAMBOARD, imene inakhazikitsidwa mu 1969, pamodzi ndi makoparetivu, inkabweretsa feteleza ndi mbewu pafupi, n'kugula chimanga pa mtengo woikidwa ndi boma. Mbewu ya SR52 inalowa m'minda. Cha m'ma 1980 kunabwera pulogalamu ya Lima, imene inatisiyira muyeso umene tikugwiritsabe ntchito: lima imodzi ndi kota ya hekitala. Ambuya mpaka lero amati munda wawo ndi malima asanu ndi limodzi.

Kaunda ankaona kuti midzi ikutha achinyamata, ndipo ankalalikira kawirikawiri kuti anthu abwerere kumunda. Mu 1975 analamula kuti sukulu iliyonse ikhale ndi production unit, ndipo omaliza Fomu 5 ankapita ku National Service kumene ankaphunzira mfuti ndi khasu. Makolo athu amene anadutsamo amakamba nkhani zake moseka, koma ochepa okha ndi amene anabwereradi kumudzi. Mawu a pulezidenti sakanaposa malipiro a mwezi ndi mwezi.

M'malo mwake panakhazikika mgwirizano wosalembedwa pakati pa tauni ndi mudzi. Sukulu zikatsekera mu Epulo, ana a m'tauni ankatumizidwa kwa ambuya "kukachita holide", kumene kwenikweni kunali kukakumba nshawa. Pobwerera ankanyamula thumba la chimanga, nshawa, kandolo, maungu ndi nkhuku yomangidwa miyendo. Tauni inkatumiza sopo, shuga, mchere ndi manja a masabata ochepa. Mudzi unkatumiza chakudya. Mtengo wa unga utayambitsa zipolowe ku Copperbelt mu Disembala 1986 ndi ku Lusaka mu Juni 1990, nyumba zimene zinali ndi thumba lochokera Kummawa kuseri kwa chitseko zinkagona tulo tosiyana ndi anzawo.

Dima litasanduka ganyu

NAMBOARD inathetsedwa mu 1989, ndipo boma latsopano la 1991 linasiya msika m'manja mwa amalonda. Chilala cha 1992 chinatidyetsa nsima yachikasu ya chimanga chochokera kunja. M'zaka zomwezo edzi inalowa m'mabanja n'kutenga anthu a msinkhu wogwira ntchito. Ambiri amene anadwalira m'tauni anabwerera kumudzi kudzasamalidwa ndi amayi awo omwe aja, n'kusiya ana amasiye. Agogo amene anayenera kupuma anayambiranso kulera ndi kulima.

M'nyengo yotere dima linafooka. Aliyense ankafuna ndalama ya feteleza, ya fizi, ya chigayo, ndipo tsiku lolimira mnzako chifukwa cha chipanda cha thobwa linayamba kuoneka ngati lotayika. Ganyu, amene analipo kale ngati njira yopulumukira pa njala, anakhala njira ya masiku onse. Boma linabwereranso pang'ono kudzera mu Food Reserve Agency, imene lamulo lake ndi la 1995, ndi feteleza wotsika mtengo amene anayamba mu 2002 pa nthawi ya Levy Mwanawasa. Koma palibe pulogalamu ya boma imene inabweretsapo munthu woti agwetse mkukwe.

Apa ndi pamene K200 yathu ya pa foni imafunika kuiyang'anitsitsa. Ndi yothandiza, ndipo sitikunyoza wotumiza, chifukwa nawo makolo a ku Halale ankatumiza zimene akanatha. Koma waganyu amene amama amamulemba ndi mnansi wosauka kuposa iwo, ndipo tsiku limene ali m'munda mwathu, wake ukudyedwa ndi chiswe. Ndalama ikapanda kufika, amalipidwa ndi chimanga chomwecho, meda ndi meda, nkhokwe isanadzaze n'komwe. Manja osowa aja sanapezeke. Angosamutsidwa kuchoka pakhomo lina.

Chimene masiku atatu amapulumutsa

Mwina wina afunsa kuti masiku atatu angasinthe chiyani. Funsani amene anachedwapo kukolola. Chimanga chikakhalitsa m'munda, chiswe chimadya pansi, mbewa zimadya mkati, akuba amabwera usiku ndi njinga. Anthu ambiri akamaliza kututa, ng'ombe ndi mbuzi zimamasulidwa, ndipo wotsalira amakolola zotsala za ziweto. Kenako anyamata osaka mbewa amayatsa tchire, ndipo moto sufunsa kuti mkukwe uwu ndi wa nkhalamba. Nshawa zikanyowa kapena kuunjikidwa zisanaume zimagwira chuku, chimene chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin, woononga chiwindi ndi wolepheretsa ana kukula bwino. Kuchokera pamene anankafumbwe analowa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990, ngakhale nkhokwe si yodalirikanso. Chimanga chimafunika kutonola, kuthira mankhwala ndi kusoka m'matumba, ndipo yonseyo ndi ntchito ya manja.

Pa Sondo masana, titachoka kutchalitchi n'kubwerera pamulu, panafika mnyamata pa njinga yamoto, sikelo ili kumbuyo. Mavenda amadziwa kalendala kuposa ife. Amadziwa kuti FRA sigula chimanga chinyontho chake chisanatsike mokwanira, motero misika yake imatsegulidwa mochedwerapo. Amadziwanso kuti mu Meyi fizi ya temu yachiwiri imakhala itafika pakhosi. Anatchula mtengo wake, ndipo tinaona amama akuyang'ana mulu, akuwerenga mumtima.

"Amama, fizi ya mwana tigawana ife asanu," anatero mkulu wathu. "Chimangachi chiyambe chauma."

Amama sanayankhe msanga. Kenako anauza mnyamatayo kuti, "Pitani bwino, atate. Mudzabwere mwezi wa mawa, tidzaone ngati sikelo yanu idzakhale itakula."

Tikanakhala ku tauni, foni ikanangotiuza kuti "tagulitsako pang'ono", ndipo sitikanadziwa kuti pang'onopo ndi matumba angati. Pali zinthu zimene munthu amazimva pokhapokha atakhala pamulu wa chimanga.

Chaka chimodzi m'mbuyomo mulu umenewu kunalibe. Pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chagwetsa dziko m'tsoka. Tonse tikukumbukira mtengo wa thumba la unga chaka chimenecho, ndi maola amene tinkakhala mumdima madzi atachepa ku Kariba. Basi yochokera Kummawa inkafika pa Intercity yopepuka. Ambiri a ife tinazindikira chaka chimenecho kuti bajeti yathu ya m'tauni inkayenda chifukwa cha matumba awiri kapena atatu amene sitinkawawerengera, ochokera kwa nkhalamba imene tinkaiyankha kuti "tiona mwezi ukatha".

Palinso nkhani ya malo. Munda wa kumudzi ulibe pepala. Umadziwika ndi amfumu, ndi anansi, ndi amene amaoneka akuulima. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a mafumu asinthidwe kukhala a taitolo, ndipo kuchokera pamene Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, mapuloti akungolowerabe m'minda ya m'mphepete. Tsiku limene ambuya adzagone, mudzi udzafunsa kuti ana a mbumba iyi ndi ati. Amene nkhope zawo zimaoneka pa masika sadzafunika kufotokoza zambiri. Makolo athu analandidwa nthaka ndi kampani ya ku London. Ife tingathe kuitaya mwa kungosowa.

Mande

Tikudziwa kuti si onse angapite. Tikiti ya basi yakwera, ambiri timagwira ntchito pa Chiweru, ndipo ena kumudzi kulibenso amene anatsala. Sitikunenanso kuti moyo wa khasu ndi wokoma. Pa Mande m'mawa palibe mmodzi wa ife amene ankatha kuwerama kuti amange nsapato. Mwa malima asanu ndi limodzi aja tinatuta anayi. Awiri otsalawo anamaliza amama ndi azakhali sabata yotsatira, monga mmene amayi awo a ambuya ankamalizira.

Koma kalendala ya dziko lino ili ngati inapangidwira ife. Pa 28 Epulo ndi tsiku la Kaunda, pa 1 Meyi ndi la apantchito, pa 25 Meyi ndi la Africa Freedom. Maholide atatu m'kati mwenimweni mwa masika. Asuweni asanu akagwirizana mu Malichi, n'kusonkherana ya basi, n'kuuza amama tsiku lenileni kuti adule chimanga chiyembekezere m'mikukwe, limenelo ndi dima. Kusiyana kwake n'kwakuti loitanira lake ndi gulu la pa WhatsApp.

Pochoka, aliyense anapatsidwa chake: thumba la chimanga, meda ziwiri za nshawa, kandolo, ndi chiwawa chofutsa. Tinayesa kukana, tikuti chimanga chikhale cha pakhomo. Ambuya anakwiya zenizeni. "Atate anga anapita osadyako za m'munda uno. Inu mudya."

Pa siteshoni m'Chipata kondakitala anafuna ndalama ya katundu pa thumba lililonse. Msuweni wathu wa nsapato zija, zimene tsopano zinali zofiira ndi dothi, anakangana naye pang'ono, kenako analipira. Thumbalo linakafika ku Chawama usiku womwewo.